Utoto Wofufutira Dzina

Pamzere wa m'sitolo ya zipangizo zomangira, bambo wina wokonza mafoni anali atakumbatira chitini cha utoto woyera. Mayi amene anali kumbuyo kwake anamuyang'anitsitsa.

"Pepani bambo, si inu a kukampani yaikulu ya mafoni ija, pafupi ndi siteji?"

"Ndinali, mayi. Dzinalo ndinangobwereka n'kulilemba pakanyumba kanga. Dzulo eniake ananditumizira maloya awiri amataye. Akuti ndifufute pofika Lachisanu, apo ayi tikaonana kukhoti."

"Mwawalakwira chiyani?"

"Akuti ndikuwaipitsira mbiri."

"Mbiri yake iti? Ine netiweki ikathawa ndimabwera kudzakalipira inuyo!"

"Ndakukumbukirani. Munanditcha mbava, ine n'kukupatsani mpando."

"Kani zaka zonsezi ndakhala ndikutukwana munthu wosalakwa?"

"Si inu nokha. Patsiku mumabwera anthu khumi, ine n'kumapepesa m'malo mwa eni kampaniyo."

"Komatu eniakewo ukawaimbira, amangokuikira nyimbo mpaka khutu kutentha."

"Ndiwo amenewo akuti ndikuwachititsa manyazi."

Mayi uja anagwira chitini chija ndi manja awiri.

"Bwezani utotowu, bambo. Mukafufuta, ife tizikalalatira ndani?"