Chihera Wabodza wa ku Chipadze

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, ndiponso moni kwa inu nonse amene mwakhala mukundipirira pa mafoni anu. Dzina langa ndine Esinati Phiri, ndimaluka tsitsi ku Chipadze kuno ku Bindura. Lero ndikufuna ndikuuzeni mmene ukwati wanga unatsalira pang'ono kufa usanayambe n'komwe chifukwa cha pakamwa panga, ndi mmene Mulungu anaupulumutsira. Ndikulemba uku ndikuseka, koma masiku amenewo kuseka kunalibe.

Amene mumandidziwa mukudziwa kuti ndine wolongolola. Amayi amati ndinayamba kuyankha anthu ndisanamere mano. Mu saluni mwathu mumalowa nkhani zonse za m'dziko muno, ndipo palibe imene imatuluka ine ndisanaithire ndemanga. Mnzanga woluka naye atatopa nane anandiuza kuti m'malo mogonthetsa makasitomala, ndizidzijambula pa foni n'kumaponya pa intaneti. Ndinayamba choncho, nditakhala pa mpando wa makasitomala, chipeso chili m'manja.

Maganizo ndinali nawo, ndipo mpaka pano sindinasinthe. Ndinkati amapiano ndi okoma kuvina, koma nyimbo yoti mphindi zitatu zithe woyimba asanatsegule pakamwa ndi yoyesa chipiriro chathu. Ndinkati anyamata a zimdancehall luso ali nalo, angosiya kutukwana amayi a anzawo. Sungura ndiye ndinkaiteteza ndi mtima wonse, chifukwa gitala lake limadzutsa ngakhale munthu wa nyamakazi. Ndinkaseka atsikana odzola mafuta oyeretsa khungu, nkhope ya ku Ulaya zala zili za ku Chipadze konkuno. Za magetsi othimathima musachite kunena, ndinaimitsapo mutu wa kasitomala theka louma theka lonyowa n'kuuonetsa dziko lonse. Koma sizinali zoseka zokhazokha. Tsiku lina ndinalira pa vidiyo pokamba za anyamata amene ndinaphunzira nawo, ena akutha ndi mutoriro, mankhwala ozunguza bongo aja, ena akukwiririka m'maenje a golide ali ndi zaka makumi awiri zokha.

Anthu anayamba kunditsata ambiri. Zonsezi ndinkalankhula m'Chishona. Tsiku lina munthu wina analemba pansi pa vidiyo kuti mkazi wopanda mantha chonchi ayenera kuti ndi Chihera. Inu amene muli kutali ndikufotokozereni. Anzathu Achishona aliyense ali ndi mutupo, chiwongo cha kwa bambo ake. A mutupo wa Mhofu, nyama ija timati ntchefu, ana awo aakazi amatchedwa Chihera, ndipo mbiri yawo ndi yoti sagonja pa mkangano, saopa munthu.

Dzinalo linandikomera, ndipo chifukwa chake ndichinena mosabisa. Agogo anga aamuna anachoka ku Malawi wapansi kudzagwira ntchito ku mgodi. Abambo anabadwira mu komboni ya mgodi, nawonso analowa pansi mpaka msana unakana. Ine ndinabadwira kuno, koma kusukulu ankanditcha mubhurandaya, munthu wobwera, wopanda mutupo, wopanda kumudzi. Zinkandipweteka ndipo ndinali nditatopa nazo. Choncho sindinamukonze munthu uja. Ndinamuyankha kuti wadziwa bwanji, ndipo kuyambira pamenepo vidiyo iliyonse ndinkaitsegula ndi mawu akuti, "Ndini Chihera wenyu," kutanthauza kuti ndine Chihera wanu. Ndinkadzilimbitsa mtima kuti abambo sadzaona, poti iwo ali ndi kafoni ka mabatani kamene kuno timati kambudzi.

Kenako panabwera Tafadzwa. Iye amakonza za magetsi, kwawo ndi ku Musana, ndipo tinadziwana atabwera kudzatiikira sola pa saluni. Ndi munthu wofatsa, amatha kundimvetsera ola lathunthu n'kungoti, "Wamaliza?" Monga amachitira anyamata a kuno, tsiku loyamba lomwe anandifunsa mutupo. Iye ndiye sindinamunamize. Ndinamuuza kuti ndine Phiri, za Chihera ndi za pa foni chabe. Anaseka mpaka kukhala pansi, nati iyeyo ndi Mhofu weniweni, ndiye kuti akufunsira mlongo wake. Tinkaseka nazo zaka ziwiri, osadziwa kuti tikusewera ndi chinthu chachikulu.

Nthawi itakwana, Tafadzwa anapita ku Musana kukauza tete ake. Tete ndi azakhali, alongo awo a bambo ake, ndipo kwa anzathuwa nkhani ya ukwati imadutsa m'manja mwawo. Atawaonetsa chithunzi changa, mwana wawo wamkazi anakuwa kuti ameneyu ndi Chihera wa pa foni uja. Anawatsegulira mavidiyo, tete n'kukhala pansi kuonera imodzi ndi imodzi, ine ndikudzitcha Chihera ndi pakamwa panga. Anthu a mutupo umodzi ndi pachibale, sakwatirana. Tafadzwa anayesa kufotokoza kuti zinali zocheza, koma tete anamudula.

"Ngati ndi Chihera, ndi mlongo wako," anatero. "Ngati si Chihera, ndi munthu amene wakana bambo ake pamaso pa dziko lonse. Usankhe wekha amene ukufuna kutibweretsera."

Munyai, mkulu amene anayenera kubwera kwathu kudzanenera ukwati, anauzidwa kuti asanyamuke. Tafadzwa anabwera ku saluni maso ali ofiira. Anandiuza kuti amandikonda, koma sangandikwatire mozemba abale ake, ndipo inenso sindikanafuna ukwati wotero.

Chovuta kwambiri chinali kunyumba. Abambo anali atauza kale ankhoswe athu kuti kukubwera alendo. Anali atapaka nyumba laimu okha ndi msana wawo wovutawo, mpaka miyala ya m'mbali mwa njira anaipaka. Sindikanachitira mwina, ndinawauza zonse, ndipo ndinawaonetsa vidiyo imodzi. Ndikanakonda akanandikalipira. Anangondibwezera foni n'kundifunsa motsitsa mawu kuti, "Dzina langali linkakulemera, mwana wanga?" Kenako anatenga kheni n'kupita kukathirira ndiwo zawo kuseri.

Abale anga, milungu itatu sindinajambule kanthu. Ine wolongolola uja ndinakhala chete mpaka makasitomala ankafunsa ngati ndikudwala. Ndinkaluka mizere yokhota, chakudya sichinkalowa. Amayi ananditenga kupita nane ku mapemphero a amayi a Lachinayi, ndipo ndinkapemphera ndi misozi kuti Mulungu afewetse mtima wa tete. Tsiku ndi tsiku pemphero langa linali lomwelo, koma kumwamba kunali zii. Ndinafika pomukwiyira Mulungu, ndikuvomera. Ndinkati bodza langa linali laling'ono, chilango chake chakuliranji chonchi.

Lamlungu lina m'mawa ku tchalitchi kwathu, kumene timayimbabe nyimbo za Chichewa, ndinakhala moyang'ana mbali ya azibambo. Ndinaona abambo anga ataimirira, jekete yawo yakale ili pathupi, akuyimba ndi mawu osasa aja osayang'ana m'buku. Munthu ameneyu anapuma fumbi la pansi zaka zonse kuti ine ndipite kusukulu, ndipo sanachitepo nane manyazi ngakhale tsiku limodzi. Pamenepo mtima wanga unandiuza kuti ndakhala ndikupempherera munthu wolakwika. Woyenera kusintha sanali tete. Ndinagwada pomwepo, ndinasiya za ukwati, n'kungopempha kuti Ambuye andipatse mphamvu yonena zoona, ukwati ubwere kapena usabwere.

Madzulo a tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe ndinapempha abambo kuti akhale nane pa vidiyo. Analowa m'nyumba n'kutuluka atamanga tayi. Tinakhala pakhonde. Chichewa ndimachimva bwino, koma polankhula chinkandithawa, chifukwa ndinali nditachisiya kalekale. Ndinayesabe.

"Moni nonse. Dzina langa ndine Esinati Phiri. Awa ndi baba anga. Handisi Chihera, ine si Chihera, ndinakunamizani. Agogo anga anachokera ku Malawi. Ndinachita manyazi ndi anthu amene sanachitepo nane manyazi. Baba, pepani."

Ndinawafunsa ngati ali ndi mawu. Anasendera pafupi ndi foni mpaka mphuno inadzaza chithunzi chonse, nati, "Uyu ndi Naphiri, mwana wanga. Kulongolola anatengera amayi ake." Amayi anakuwa ali kukhitchini kuti akumva, ndipo zonsezo zinalowa mu vidiyo.

Ndinaiponya, n'kuthimitsa foni. Ndinali wokonzeka kutukwanidwa, koma mtima unali utapepuka. M'mawa nditayatsa, onyoza analipo ndithu. Ma Chihera enieni anandiuza kuti ndibweze dzina lawo nditalichapa, ndipo ndinaseka koyamba pa milungu itatu. Koma pansi pawo panali mauthenga amene sindinkawayembekezera. Wina analemba kuti, ine ndine Banda wa ku mafamu a ku Matepatepa, kuntchito amandidziwa ngati wa mutupo wa Shumba. Wina anati ndine namwino, ndine Mwale, sindinauzepo munthu. Kondakitala wa kombi, minibasi ya kuno, amene ndimakangana naye tsiku lililonse anandiuza kuti amayi ake ndi a ku Mozambique. Ambiri ankalemba Chichewa chothyokathyoka ngati changa chomwe, ndipo sindinaonepo chinthu chokongola ngati chimenecho.

Koma ku Musana kunali chete. Mlungu unatha, Tafadzwa osamva kanthu. Ndinayamba kuzolowera maganizo oti ndapeza abambo anga, ndataya mwamuna.

Loweruka masana ndikuchapa panja, ndinaona mayi wamkulu wovala duku akulowa pa geti yekha, fumbi la ulendo lili m'mapazi. Ndinawazindikira chifukwa cha zithunzi. Anali tete. Ndinagwada n'kuwomba m'manja mwa Chishona, manja ali thovu lokhalokha, koma anandidutsa osandiyang'ana. Anapita pakhonde pamene panali abambo, anakhala pansi, n'kutsegula pakamwa.

"Muli bwanji, achimwene?"

Chinali Chichewa. Chinkatuluka movutikira, koma chinali Chichewa. Abambo anayankha modabwa, ndipo tete anayamba kulira. Anatiuza, akusakaniza ndi Chishona, kuti mayi awo owabereka, agogo ake a Tafadzwa, anali Nabanda, wobadwira mu komboni ya famu ya fodya ku Matepatepa. Atakwatiwa ku Musana anthu ankaseka kalankhulidwe kawo mpaka anachisiya Chichewa, n'kumangoyimbira ana powasambitsa. Tsiku lina amalume awo a tete anabwera pa njinga kudzawaona kusukulu, atanyamula chimanga chowotcha. Anzawo atafunsa kuti ameneyu ndani, tete anayankha kuti ndi wantchito wa ku famu. Amalumewo anamva. Mayi a tete nawonso anamva nkhaniyo, koma sanailankhulepo mpaka anamwalira.

Kenako anatembenukira kwa ine. "Mwanangu, sindinakwiye chifukwa cha mutupo. Ndinadziwa tsiku lomwelo kuti si iwe Chihera. Ndinakwiya chifukwa ndinadziona ndekha. Koma iwe wapepesa baba vako akadali moyo. Ine ndinachedwa."

Tinalira tonse pakhonde paja, ngakhale abambo anavula magalasi. Kenako amayi anatuluka ndi tiyi, n'kuyamba kufunsa tete kuti Nabanda ameneyo anali wa famu iti, ndipo pasanathe ola anali atapezana chibale. Tafadzwa atafika anatipeza tikuseka. Atamva kuti iyenso ali ndi magazi a ku Malawi anakhala kukamwa yasa, ndipo mpaka lero ndimamuitana kuti achimwene akandiputa.

Munyai anabwera patapita milungu iwiri, ndipo zonse zinayenda mwa ulemu, mwambo wa kwawo ndi wa kwathu. Tinadalitsa ukwati ku tchalitchi kwathu ku Chipadze. Anthu a ku Musana anabwera odzaza lole, ndipo tinavina mpaka amayi a mpingo anavula nsapato. Pa nthawi ya malankhulidwe tete anapatsidwa mwayi wolangiza. Anaimirira pamaso pa abale awo onse, pamaso pa anthu a m'mudzi amene anakula nawo, n'kuyamba ndi kunena kuti iwo ndi mwana wa Nabanda wa ku Matepatepa. Zaka zoposa makumi asanu anali asanalitchulepo dzinalo pagulu.

Mavidiyo ndinayambiranso, ndipo pakamwa sipanachepe. Panopa ndimasakaniza Chichewa ndi Chishona, ndipo ndikalakwitsa agogo a m'makomboni amanditumizira mawu pa mafoni a adzukulu awo kundikonza. Ndikuthokoza Mulungu amene sanayankhe pemphero langa loyamba lija, koma anandipatsa loyenera. Ndikuthokoza abambo ndi amayi anga, ndi Tafadzwa amene anadikira osatopa. Ndikuthokozanso tete, amene lero ndi iwo amandiimbira foni kundiuza kuti pa nkhani yakutiyakuti ndalankhula mofewa kwambiri.

Inu achinyamata anzanga a m'migodi ndi m'mafamu, ndikudziwa kuti kunyozedwa kumapweteka, ndipo sindikuweruzani. Musafooke, pempherani, ngakhale kumwamba kukhale chete milungu ingati. Ine ndinkaganiza kuti choonadi chindilanda zonse, koma chinandibwezera abambo anga, chinandipatsa banja, ndipo chinamasula mayi wina amene ndinkamuyesa mdani. Ngati pali munthu amene munamukana ndipo akadali moyo, musadikire Lamlungu. Pitani lero. Ambuye akudalitseni nonse.