Galu wa a Gaspare pa mkuwa wa malemu Morselli

Malemu bambo Taddeo Morselli anabadwa pa 9 Malichi 1702 mumzinda uno wa Modena. Sukulu anaphunzira kwa ansembe, ndipo mu 1715 anayamba ntchito yozokota zithunzi pamkuwa n'kumazidinda papepala. Mu 1729 anamanga banja ndi mayi Orsola.

Mu 1738 anazokota bwalo lathuli: tchalitchi, ngolo, opemphetsa pamakwerero, ndi ambiri a inu pamalo anu ogulitsira. Chaka chotsatira aneba awo, a Gaspare ogulitsa mafuta a azitona, anakawanenera kwa akuluakulu kuti nthunzi ya asidi wozokotera yaumitsa mpesa wawo. Ntchito inatsekedwa chaka chathunthu. Atatsegula, malemu anawafufuta a Gaspare pamkuwapo, n'kusiya galu wa a Gaspareyo yekha atadzutsa mutu kuyang'ana pamalo opanda munthu. Ndani analakwa, ife sitiweruza.

Mdzukulu wa malemu, Nina, anafunsapo kuti galuyo akuyang'ana ndani. Munayankha ndinu, zaka zonsezi. Chithunzicho munkagula kuti mukaseke. Podutsa pa a Gaspare munkauwa, n'kumafunsana ngati lero akuoneka. Motowo munkasonkhezera ndinu, koma maso a malemu atachita mdima mu 1759, njira ya kwawo inamera udzu. Ndipo tikudziwa kuti ena a m'banja momwemuno apita kale kwa osula miphika kukatsatsa mkuwa wa chithunzicho kuti ausungunule, maliro ali m'nyumba.

Malemu atisiya pa 4 Novembala 1761 atavutika ndi chifuwa. Asiya mayi Orsola, ana awo Livia ndi Costanza, ndi zidzukulu zisanu. Tikuthokoza masisitere amene anawadwazika. Enanu, zikomo kuti lero lokha njira mwaikumbukira. Mzimu wa bambo athu uuse mumtendere.

Otsatsa mkuwa inu, imvani ichi tisananyamule. Sabata yatha malemu anaitanitsa a Gaspare, n'kuwapempha kuti mmisiri wina awabwezeretse pachithunzipo. A Gaspare anakana. Anati nkhalamba yamakani ngati iyo inawachotsa ndi dzanja lake, ndiye mlendo asabwere kudzawapatsa mphuno yokhota. Malemu anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anagwirana chanza, mayi Orsola akuona: mkuwawo ukakhala m'nyumba mwa a Gaspare, ndipo iwo ali moyo, galu wawoyo salowa m'ng'anjo.