Madzi a bwemba a alamu anga

Mwaswera bwanji omvera. Ndine mayi wa ku Nsefu, kumene timalima thonje chifukwa njovu za m'gemu, malo osungirako nyama zakutchire, zimatithera chimanga.

Amuna anga atapopera thonje anayamba chizungulire ndi kusanza. Achemwali awo anandiuza kuti, "Mlamu, poizoni achoke m'thupimo. Asiye nsomba ndi mchere, azidya masamba a chamwamba. Madzi a bwemba ndizibweretsa ndine."

Ankabweretsadi m'mawa uliwonse, koma matenda ankangokula. Titapita nawo amuna angawo kuchipatala pa njinga, anesi anapempha kuona madziwo. Alamu anatulutsa chigubu chomwe kale munali mankhwala a thonje. Anati anachitsuka ndi sopo.

Amuna anga anachira, koma manja amanjenjemerabe, khasu sagwira. Alamu ndiwo amatilimira tsopano, ndipo za bwemba sitikambirana. Anzanga, chigubu chotere sichiyera ndi sopo.