Lekodi ya Amayi Inalowa mu Jeke

— Halo? Halo, Lameki?

— Halo asisi Fainess! Dikirani ndikwere pangolo, pansi pano netiweki ndi yamwayi. Eya, mukundimva?

— Ndikukumva tsopano. Mwaswera bwanji kumeneko?

— Taswera bwino, kaya inu ku Joniko? Alamu ali bwanji? Ana?

— Tonse tili bwino, kuzizira kokha. Nanga mawu ako asasa chonchi bwanji?

— Kukuwa, asisi! Lisasadzi yonse dzulo inali pakhomo pathu. Mng'ono wanu Esitere wakwatiwa mwaulemu wake.

— Abwana kundimana tchuthi, ine ndinangoswera kulira. Koma tandiuza za ababa kaye. Chikwama chija amasula?

— Ndifika pamenepo.

— Iwe, anandiuza okha kuti ukwati ukangotha akubwerera kwawo ku Dowa. Akuti amayi anapita, iwo mkamwini akudikiranji pamudzi pa eni. Anyamuka kapena sananyamuke?

— Asisi, nkhaniyi ili ndi poyambira. Mukukumbukira lekodi ija ya amayi, imene analowera pa ukwati wawo?

— Yagitala ija? Ndingaiwale? Tinkamenyedwa tikangoikhudza.

— Esitere anakakamira kuti nayenso alowera yomweyo. Ababa anavomera, nakaitulutsa m'bokosi. Koma zaka zonsezi pansi pa malata, inapindika ngati lichero.

— Mayo ine.

— Ndiye atsibweni a Jeremiya akuti, bweretsani kuno, ku chigafa kuli jeke.

— Jeke yodindira fodya? Ayi Lameki, usandiuze.

— Thabwa pansi, thabwa pamwamba, lekodi pakati. Ine ndili ku Mtunthama kokabwereka masipika. Iwo n'kumapukusa ngati akudinda belo, eti amafuna imve bwino. Kenako thwa!

— Atsibweni amenewa! Mchemwali wawo anasiya chinthu chimodzi chokha!

— Mng'alu kuchokera m'mphepete mpaka chapakati. Ababa anangoitola, kuipukuta ndi malaya, kukaiika pamwamba pa chikwama chawo.

— Basi ndadziwa, anyamuka. Ingondiuza, ndine wamkulu.

— Tadekhani. Halo? Mulipo?

— Ndilipo, mawu ako akuduladula. Usasunthe.

— Dzulo tabwera kuchokera ku tchalitchi, anthu adzaza bwalo. Ndayala magalamafoni anga awiri, mikisa pakati, yosakanizira nyimbo ija. Jenereta kungokalipa kamodzi, mikisa utsi tolo! Fungo la mawaya bwalo lonse.

— Aaa! Akwati ali kuti nthawi imeneyo?

— Pamzere, padzuwa, operekeza ali chilili kudikira nyimbo. Amayi a mvano anayamba kuimba kuti abise manyazi. Akuchimuna akundiyang'ana ine. Ababa akhala patali mumthunzi wa chigafa, chipewa chili pamaso. Asisi, ndinafuna nthaka indimeze.

— Ndiye unatani? Kuyatsa foni?

— Foni? Ine DJ wa malekodi, Kasungu yense akundidziwa? Mukukumbukira kabokosi kamabatani kamene ndinakuvutitsani nako kuti mundigulire?

— Choseweretsa ana chija.

— Sampula, asisi, dzina lake ndi sampula. Ntchito yake kujambula kachidutswa ka nyimbo, ukadina batani kamabwereza. Koma kumbuyo kwake kuli mabowo awiri olowetsera mawu. Ndinati, galamafoni iyi bowo lakumanzere, inayo lakumanja, iliyonse ndi kokwezera kake. Si mikisa imeneyo?

— Zinatheka?

— Poyamba mawu anatuluka ang'ono ngati udzudzu, ana n'kuyamba kuseka. Ndakumbukira kaswichi kali kumbuyo kwa galamafoni. Kungokakankha, masipika guu! Nkhuku kubalalika.

— Haha! Iwe mwana iwe!

— Ndiye m'mene ndikuyang'ana mabatani aja, mutu unandiuza chinthu. Ndinathamangira m'chipinda cha ababa, n'kutenga lekodi ija pachikwama.

— Osapempha? Unapenga?

— Ndinapenga ndithu. Mng'alu uja sunafike mkati mwenimweni. Kumapeto kwa nyimbo, pamene gitala imalira yokha, kunali bwinobwino. Ndaika singano pamenepo, sampula yagwira kachidutswako, ndadina batani. Kakatha kakuyambanso, kakatha kakuyambanso, popanda msoko. Pagalamafoni inayo ndaika lekodi ya ng'oma, n'kumaikweza pang'onopang'ono pansi pa gitala.

— Lameki, thupi langa lachita tsembwe.

— Esitere anangomva gitala, misozi mbwee, phazi n'kunyamuka. Mzere wonse unayenda. Nthungululu! Kenako ndaona ababa aimirira, akubwera molunjika kwa ine. Ndinati lero khofi ndilandira pamaso pa akuchimuna.

— Anakumenya?

— Anaima patsogolo pa tebulo, kuyang'ana lekodi yosweka, kuyang'ana kabokosi. Akuti, "Wamutenga kuti mayi wako?" Akuti, "Kweza."

— Anati chiyani? Netiweki, bwereza!

— Anati kweza! Ndinakweza mpaka malata kunjenjemera. Anaponya chipewa, kukamugwira Esitere padzanja, n'kuyamba sitepe yawo yakale ija, phewa limodzi kutsika. Munthu amene chimwalirire amayi ngakhale wailesi samayatsa!

— Ababa kuvina? Ababa athu omwewa?

— Mukulira kodi?

— Ndisiye ndilire. Pitiriza, bandulo yanga ikutha.

— Atsibweni anali atabisala kuseri kwa magalimoto chifukwa cha manyazi. Anatulukira, kulanda maiki, kugwada pafumbi ndi suti yawo. Akuti, "Alamu, ndinaswa ndine, pepani. Koma mwini mbumba pano ndine, ndipo ndikunena anthu onse akumva. Nyumba ndi yanu, munda ndi wanu, ana ndi anu. Musatichokere."

— Ndiye ababa anayankha bwanji?

— Anangowadzutsa, n'kumavina nawo. Nkhalamba ziwiri fumbi koboo, ine chala chili pabatani mpaka chinachita dzanzi.

— Kuvina ndamva. Koma chikwama, Lameki. Ine mtima uli pachikwama.

— Lero tikuchokera ku tchalitchi anandiitana. Akuti mawa ndilawire ndi khasu, tikalime mabedi a nazale kudimba. Akuti anzathu anafesa kale, tachedwa.

— Nazale? Ya fodya wa chaka chamawa?

— Yomweyo. Ndipo akuti ndikonze denga la chigafa mvula isanabwere, sakufuna fodya wawo adzanyowe.

— Fodya wawo! Lameki, akukhala! Ababa akukhala!

— Malaya awo ali pachingwe pano ndikuwaona. Chikwama chabwerera pansi pa bedi.

— Ambuye alemekezeke! Iwe, kabokosi kameneko ndikugulira kena, wamva? Ndi mikisa yomwe!

— Mwanena nokha, ndagwira mawu amenewo. Koma mundigulire msanga, chifukwa aka andilanda.

— Wakulanda ndani?

— Tamverani. Ndikulozetsa foni kuchigafa. Mukumva?

— Ndikumva... gitala ija. Ndi iyo! Akuliza ndani?

— Ababa. Ndawalumikizira ku batire ya sola. Ndinawaonetsa batani limodzi lokha, lofiira, ndiye chidyere nkhomaliro akungodina. Atsibweni akhala pambali, awaletsa kukhudza.

— Awaletse ndithu! Ndipatse ndiyankhule nawo.

— Ndikatsika pangolo pano netiweki ithawa. Ababa! Ababa, asisi Fainess pafoni! Akuti mudikire ithe kaye.

— Nanga si umati imangobwereza? Itha liti?

— Siitha, asisi.

— Basi asiye, usawasokoneze. Usadule, Lameki. Ingokweza foni m'mwamba ndimvere nawo mpaka bandulo i...

— Halo? Asisi? Halo?