Uthenga umene unapita kwa alamu anga

Anzanga omvera, mtima wanga sukupeza mtendere. Ndimakhala ku Nangongwe, ndipo ntchito yanga ndi yoyesa mawebusaiti, masamba a pa intaneti. Ndili ndi pulogalamu imene imadzaza yokha mafomu ngati munthu, kuti tione ngati zonse zikuyenda bwino.

Sabata yatha ndinkayesa tsamba lolembera anthu ntchito la fakitale ina. Pulogalamuyo inkangolephera, chifukwa uthenga woitanira munthu ku intavyu sunkafika m'bokosi lathu loyesera. Ndinafufuza mpaka mutu kuwawa. Lolemba masana ndi pamene ndinapeza vuto: ndinailumikiza ku tsamba lenileni, ndipo nambala imene ndinangoikamo inali ya alamu anga, poti ndi imene ndinaloweza pamtima. Uthengawo unapita kwa iwo!

Alamuwo ntchito inawathera kalekale. Lamlungu anali ataimirira m'tchalitchi kuchitira umboni woti aitanidwa ku intavyu, anthu n'kululutira. Lolemba lomwelo alonda anawabweza pageti la fakitale.

Madzulo anafika kwathu. "Mlamu, landira nsapato zako unandibwereka zija. Mwina nthawi ya Mulungu sinakwane."

Pulogalamu ndinaikonza tsiku lomwelo. Koma alamu sindinawauzebe, ndipo nsapatozo zikundikanika kuvala.