Makina a Malemu Apongozi

Pa chigayo cha ku Zolozolo mzere unali wautali, ndipo amayi awiri osadziwana, wina wa duku, wina wa wigi yopendekeka, anayamba kucheza kutsogolo kwangaku.

"Mukuseka nokha, mama, mwatola chiyani?" anafunsa wa wigi.

"Alamu anga!" anatero wa duku. "Pogawana katundu wa malemu apongozi, iwo anatenga mabulangete ndi mbale, ine n'kundiponyera makina osokera, dzimbiri lokhalokha."

"Nkhanza chomene."

"Ndiye amuna anga anamasula zitsulo zake n'kuziviika m'ndowa ya madzi a soda, wanga wa therere yemwe. Waya wakuda wa chaja ya batire anamanga kuzitsulozo, wofiira kukhasu lakutha, nalonso n'kuliviika momwemo. Madzi kuchita thovu! Masiku awiri, dzimbiri lonse lathawira kukhasu."

"Akusoka?"

"Ngati atsopano. Pano alamu akuti n'chikumbutso cha amayi awo, abwera Loweruka ndi amalume kudzatenga."

"Mupereka?"

"Ndipereka. Koma Lachinayi tiviikanso, tisinthanitse mawaya."

"Zikatero zimatani?"

"Dzimbiri limabwerera mwakale. Chikumbutsocho achipeza mmene amayi awo anachisiyira."