Zong'anima za m'denga la a Muhiwa

Kalelo, Chitaganya chitangoyamba kumene, ine ndili ndi mphamvu zanga ndikutchola tiyi, eni esiteti anatigwetsera nyumba zaudzu natimangira zamalata, ndipo ife tinavina poyesa kuti takwera. Inu anyamata mwabwera kudzandikhomera siling'i, tsikani kaye mupume, ndikuuzeni chifukwa chake chipepala chanu chonyezimiracho ndakhala ndikuchiyang'ana ndi diso loipa chiyambire m'mawa.

Malata aja anatiphunzitsa mwambo. Mu Okutobala m'nyumba munkatentha ngati mowumitsira tiyi ku fakitale, ana ali thukuta kamukamu, ndipo chiperoni chikabwera mu Juni malata omwewo ankatidonthezera madzi ozizira pamphasa. Lero mumati denga laudzu ndi umphawi, koma udzu sunatiwotchepo.

M'nyumba yoyandikana ndi yanga munkakhala a Muhiwa, kalipentala wokhoma mabokosi otumiziramo tiyi kunja, munthu wosalankhulalankhula, ndipo ine munthu wachete sindimukhulupirira mpaka lero. Lamulungu masana ife tikathawira pansi pa mabulugamu, iwo ali m'nyumba ndi akazi awo, khanda lili m'tulo. Poweruka ndinkaona malaya awo atatukumuka pamimba. Tsiku lina ndinakwera pamtondo n'kusuzumira pampata wa khoma ndi denga, ndipo ndinaona zinthu zikung'anima mumdima. Ndinati basi, munthuyu ngati sanakhwime ndiye kuti akuba.

Akazi anga anati, "Bwanji osangowafunsa, bambo? Ndi anansi athu."

Ndinati, "Unamva kuti mfiti yavomera?"

Safunsa anadya phula, anyamata. Ndinakanena kwa kapitawo ku ofesi, ndipo Loweruka dzuwa lili paliwombo anabwera ndi mlonda, ine pambuyo ngati mboni. Titangolowa thupi langa linadabwa, chifukwa munali mozizirira bwino. Pamwamba panali siling'i ya bango, pamwamba pa bangolo udzu wouma wochindikala, ndipo kunsi kwa malata, motalikirako pang'ono, anali atayala zidutswa za mapepala asiliva aja ankaikidwa m'kati mwa mabokosi kuti tiyi asalowe chinyezi.

Kapitawo anati, "Mankhwala anji awa, a Muhiwa?"

Iwo anayankha mosajejema. "Si mankhwala, akapitawo. Lata likamwa dzuwa limalavulira kutentha pansi, monga mmene moto umakuwawulani nkhope musanaukhudze. Chonyezimira chimabweza kutenthako, bola chisagundane ndi lata, pakhale mpata. Kotsalako kumakodwa mu udzu, sikufika kwa mwana. Nthawi yachisanu udzu womwewo umasunga kufunda kwa m'nyumba. Ndinazindikira pogwira ntchito, kuti bokosi lokutidwa likakhala padzuwa m'kati simutentha msanga."

"Nanga mapepalawa anakupatsani ndani?"

"Ndi ong'ambika, ndimatola kudzala."

"Dzala nalonso ndi la bwana," anatero kapitawo.

Pamenepo mtima wanga unali utayamba kale kundiluma, koma mawu akatuluka sabwerera. Mlonda anapisa dzanja kuseri kwa chitseko natulutsa mtolo wina wa mapepala, wopindidwa bwino, womangidwa ndi luzi. Kapitawo anati umenewu ndiye umboni, munthuyu akugulitsa. Denga la m'kati lonse analikanganula ife tikuona, kutentha kunatsika nthawi yomweyo, khanda linadzuka n'kuyamba kulira, ndipo a Muhiwa anauzidwa kuti ntchito yatha, nyumba atuluke mawa. Masiku amenewo ntchito ikatha ndi pogona pomwe patha, osati lero mumati ndikasuma.

M'mawa ndinawapeza akumanga katundu, ati akafuna malo kwa achibale kwa Khwethemule. Ndinaima poteropo ngati chitsa, ndikudikira kutukwanidwa, ndipo kukanakhala bwino akananditukwana. Iwo anangoti, "Mtolo uja unali wanu, achimwene. Mwana wanu ndimamumva akulira masana, khomali ndi limodzi. Ndimadikira akwane chipinda chonse kuti ndidzakukhomereni."

Sindinawaonenso. Manyazi ake ndakalamba nawo. Ndinakhala m'nyumba ija zaka zina zambiri, ana anga akupsa ndi malata, ndipo sindinadandaulepo pamaso pa akazi anga, chifukwa ndinkadziwa chimene akanandiyankha.

Tsono kwerani mumalize, ndipo musiye mpata pakati pa lata ndi chipepalacho, ndibwera ndidzapisemo dzanja ndekha, poti inunso sindinakukhulupirireni kwenikweni. Kukayika sindikuletsani, ana anga, dziko lino ndi la ochenjera. Koma mukaona chachilendo m'nyumba ya mnzanu, yambani mwagogoda pakhomo pake musanapite kwa akuluakulu. Ine pakhomo pa a Muhiwa panali mapazi asanu okha, koma ndinayenda mtunda wonse wa ku ofesi.